Onyamula Machira Saguba

Mu shopu yometera imene ili kuseri kwa siteshoni ya basi muli mpando umodzi umene sameterapo munthu. Ndi wachitsulo, mwendo wake umodzi ndi womanga ndi waya, ndipo unaikidwa pakona, moyang'anizana ndi kanema wopachikidwa pamwamba pa galasi. Mpandowu ndi wa a Sinthaphazi. Mwini shopuyo, amene aliyense amangomutcha Wometa, ndi mwana wa mlongo wawo. Chipumireni ntchito kuchipatala, a Sinthaphazi amafika m'shopumo m'mawa uliwonse, kukoleka chipewa pamsomali, kukhala pampando wawo uja, n'kuyamba kudikira kuti kanema aname.

Sadikira nthawi yaitali. Wometa amakonda mafilimu a nkhondo ngati mmene anzake amakondera mpira, moti m'shopumo mfuti zimalira kuyambira potsegula mpaka potseka, kupikisana ndi makina ometera.

"Tamuoneni uyo," amatero a Sinthaphazi, akuloza ndi mlomo. "Mfuti imeneyo yayamba kulira Telala akukhala pampando. Pano mutu wa Telala watha mbali imodzi, zipolopolo sizinathebe. Ali ndi fakitale m'thumba?"

"Malume, mwayambatu," amayankha Wometa, maso ali pamutu pa Telala, kasitomala wake.

"Ndayamba ine kapena ayamba iwowo? Bomba laphulika kumbuyo kwake, iye akungoyenda ngati akuchokera kosamba. Kenako akunong'onezana ndi mnzake. Kunong'onezana! Bomba likaphulika pafupi nawe umatha masiku atatu ukungoona milomo ya anthu ikugwedera. Ndipo chiyambire filimuyi palibe ndi mmodzi yemwe amene wathamangira patchire. Nkhondo yake iti yopanda kutsegula m'mimba?"

Telala, amene shopu yake yosokera zovala inagundana khoma ndi ya Wometa, ndiye amakonda kusonkhezera moto. "Koma akulu, inu nkhondo munamenyadi? Ife timamva kuti munangopita kukanyamula katundu."

"Ndinkanyamula zimene omenyawo asiya," amayankha a Sinthaphazi. "Iwe ndi mimba yakoyo tikanakusiya pomwepo."

Kunena mwachilungamo, Telala sanama kwenikweni. A Sinthaphazi analowa usilikali ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Miyezi itatu anaphunzira kuguba pabwalo la fumbi, lefiti rayiti, lefiti rayiti, mpaka mapazi awo ankaguba okha ngakhale popita kuchimbudzi. Tsiku logawa anthu, sajeni anayang'ana mapewa awo otambasuka ndi mikono yawo yaitali, n'kuwalanda mfuti, kuwapatsa machira: mitengo iwiri ndi chinsalu cholimba pakati. Nkhondo yonse sanawombere munthu, ndipo zimenezi sabisa.

Pamachira pali lamulo limene limatsutsana ndi zonse zimene msilikali amaphunzira pabwalo la fumbi lija. Onyamula machira saguba. Wakutsogolo akayamba ndi phazi lamanzere, wam'mbuyo ayambe ndi lamanja, osatambasula miyendo, mawondo opinda pang'ono. Awiriwo akaponda limodzi, machira amasanduka katungwe, uku ndi uku, ndipo ulendo uliwonse wa katungweyo umakoka bala la munthu amene wagonapo. Akasemphanitsa mapazi, machira amayenda phee, ngati mbale pathebulo.

Nkhondo itatha anapeza ntchito yonyamula odwala pachipatala chachikulu, ndipo anaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi. Lifiti ya pachipatalapo inkafa kawirikawiri, choncho odwala ankakwezedwa pamasitepe. Wantchito aliyense watsopano amene anagwirapo machira ndi iwo anamva mawu omwewo akumuthyola khutu: "Sintha phazi!" Dzina linachokera pamenepo, ndipo linameza dzina la makolo. Iwo sangayende phazi limodzi ndi munthu aliyense. Ngakhale tsiku la ukwati wawo, potuluka m'tchalitchi, ataona kuti phazi lawo lagwirizana ndi la mkwatibwi, anadumpha kamodzi n'kusintha, anthu n'kumayesa mkwati waponda msomali.

Mkazi wawo atamwalira, ana atabalalikira kutali ndi ntchito, anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya achemwali awo, mayi ake a Wometa. Achemwaliwo anafedwa mwamuna pankhondo yomweyo. Mwamunayo anali m'gulu limodzi ndi a Sinthaphazi, ndipo anafa pankhondo imene asilikali ankangoitcha ya pamlatho. Nthawi imeneyo Wometa anali m'mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Kunabwera kalata yonena kuti malemu anafa molimba mtima, ndi mendulo m'kabokosi. Chithunzi cha malemuyo, mnyamata woonda wa makutu otuluka, chili pabalaza, ndipo china chili m'shopu pafupi ndi galasi. Achemwaliwo ankadziwa kuti mchimwene wawo analipo pamene mwamunayo ankafa. Zaka zoposa makumi anayi iwo sanafunse, ndipo a Sinthaphazi sananene. Nkhaniyo inakhala m'nyumbamo ngati kabati yosowa kiyi: onse ankailambalala, ankaipukuta fumbi, koma palibe amene ankaigwedeza.

N'chifukwa chake mabodza ena onse a pakanema a Sinthaphazi amawatsonya atakhala pansi, koma machira akangoonekera amaimirira, kutenga chipewa, n'kutuluka panja mpaka chigawocho chithe.

Tsiku lina Lachiwiri m'shopumo munalowa mwamuna wachinyamata amene magalasi ake anali pamphumi, osati pamaso. Anavala kajekete kopanda manja ka matumba ambirimbiri, onse opanda kanthu. Anati ndi dayirekita, ndipo akukonza sewero la pakanema la nkhondo ya pamlatho. Anafufuza m'mabuku a asilikali, anapeza dzina la munthu wa mendulo amene anafera pomwepo, ndipo seweroli lidzakhala la munthu ameneyo. Wometa atamva dzina la bambo ake likutuluka m'kamwa mwa mlendo, anatsala pang'ono kudula khutu la kasitomala.

"Chimene tikusowa ndi mboni," anatero Dayirekita, atanyonyomala patsogolo pa mpando wachitsulo uja. "Kumayambiriro kwa sewero tikufuna nkhope ya munthu amene analiko. Mungonena mawu ochepa, bambo: 'Ine ndinaliko. Zimene muonezi zinachitikadi.' Basi."

"Zimene muonezi ndi ziti?" anafunsa a Sinthaphazi.

"Tafufuza mokwanira, musadandaule. Ngakhale mabatani a yunifolomu ndi a nthawi imeneyo."

"Mabatani," anatero a Sinthaphazi, akuyang'ana Telala. "Wamva, Telala? Nkhondo ija tinkamenya ndi mabatani."

Dayirekita atapita, Wometa anathimitsa kanema, chinthu chimene sanachitepo masana. Anaima patsogolo pa amalume ake, thaulo lili paphewa. Ndi munthu wamkulu, wa ana atatu ndi imvi zingapo m'ndevu, koma mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"Malume, chonde. Bambo anga sindinawaonepo akuyenda. Ndimangowaona ataima m'chithunzi ichi. Ndikufuna ndiwaone akuyenda, ngakhale kamodzi. Mawu ake ndi ochepa, simuthyoka nawo lilime."

A Sinthaphazi anayang'ana pansi, pa tsitsi limene linali mbwee pasimenti. "Ndiyambe ndaona," anatero.

Anapita Loweruka m'mawa, atatu: iwo, Wometa ndi achemwali awo, amene anatenga ambulera ndi kampando kopinda. Nkhondo ya pamlatho inkajambulidwa kuseri kwa fakitale ya njerwa, pa kamlatho kodutsa khwawa louma. Utsi wa nkhondo unkachokera ku matayala atatu amene ankayaka kuseri kwa chulu. Magazi anali m'chidebe, madzi ofiira othira shuga, ndipo njuchi zinali zitawapeza kale. Asilikali anali atakhala pamthunzi akusewera ndi mafoni, mayunifolomu awo ositidwa bwino, mizere ya mathalauza yakuthwa moti ukanatha kudulira buledi.

"Ife tinatha milungu isanu osavula jombo," anatero a Sinthaphazi mokweza, osauza munthu aliyense. "Tsiku lovula, khungu linkatsalira m'sokosi. Awa akununkhira ngati akupita kokafunsira."

Woyerekeza malemu anali chimunthu cha chifuwa ngati chitseko, mano oyera mbee. Mayi wina ankamupaka dothi patsaya ndi kaburashi, iye n'kumati asafike nalo pafupi ndi maso. Achemwali anamuyang'ana kuchokera pansi pa ambulera, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Dayirekita anakuwa, kamera inayamba. Chimunthu chija chinatulukira muutsi chili chiimire, mfuti kudzanja limodzi, mbendera kudzanja lina, chikuthamanga pakati penipeni pa mlatho. Adani asanu ndi mmodzi anagwa motsatizana, wina asanawomberedwe n'komwe. Icho chinalasidwa katatu pachifuwa, chinagwada, n'kuyamba kulankhula. Chinalankhula za dziko, za ufulu, za mwana amene ali m'mimba, ndi za dzuwa limene lidzatuluka mawa.

"Munthu wolasidwa pachifuwa salalikira," anatero a Sinthaphazi. "Amapempha madzi, kapena amaitana amayi ake, kapena amakutukwana. Uyu watha chaputala chonse."

"Malume, chete!" anatero Wometa. Misozi inali itafika kale m'ndevu.

Kenako kunabwera asilikali awiri ndi machira. Anagoneka chimunthu chija, anachifunditsa mbendera, n'kunyamula. Dayirekita anayamba kuomba m'manja kuti awapatse mayendedwe: "Lefiti! Rayiti! Lefiti! Pamodzi, pamodzi, apa tidzaikapo nyimbo!" Awiriwo anaguba mokongola, zifuwa patsogolo, ndipo machira anayamba katungwe, uku ndi uku, dzanja la wogonayo likulendewera.

Apa panalibe khomo lotulukira. A Sinthaphazi anapezeka ataima pakati pa kamera ndi mlatho.

"Imitsani zimenezi."

"Bambo, mwalowa m'chithunzi!"

"Onyamula machira saguba. Amene anakufufuzirani mabatani sanakuuzeni?"

Dayirekita anamwetulira kumwetulira kumene anthu amasungira okalamba ndi ana. "Tikumvetsa, bambo. Koma anthu akakhala pa kanema safuna lipoti. Amafuna kulira."

"Alira. Gonani apa."

"Ine?"

"Inu nomwe. Si mwafufuza? Bwerani mumalize kafukufuku."

Anyamata a makamera anayamba kuseka, ndipo Dayirekita, posafuna kuoneka wamantha pamaso pa antchito ake, anagona pamachira. A Sinthaphazi anatenga kapu ya pulasitiki, anaimiza m'chidebe cha magazi chija mpaka kudzaza, n'kuiika pamimba pa Dayirekita. "Igwireni ndi manja awiri. Iwe," anatero kwa Wometa, "gwira kutsogolo. Tiyamba limodzi ndi lamanzere, monga akufunira abwanawa. Osatembenuka."

Anaguba m'khwawa muja, pamiyala ndi mchenga. Pa phazi lachisanu kapu inayamba kulavula. Pa phazi la khumi ndi chiwiri madzi ofiira anali atalowa m'matumba onse a kajekete kaja, ena m'khosi, ndipo Dayirekita ankakuwa kuti foni yake, foni yake. Anamutsitsa. M'kapu munatsala tamadzi tosakwana kumiza chala.

A Sinthaphazi anadzazanso kapuyo. "Tsopano iwe uyambe ndi lamanzere, ine lamanja. Pang'onopang'ono, pinda mawondo." Anayenda mtunda womwewo, miyala yomweyo. Atamutsitsa, kapu inali itataya madontho atatu kapena anayi, osapitirira apo.

"Kapu imeneyo ndi munthu," anatero a Sinthaphazi akupuma movutika, chifukwa msana wawo si wa kale. "Ndipo m'munthu muli makapu ochepa kuposa mmene mukuganizira."

Dayirekita anadzuka akudzipukuta, njuchi ziwiri zikumuzungulira. Anaseka, anawagwira dzanja, anati zimenezi n'zosangalatsa kwambiri ndipo sadzaziiwala. Kenako anapita kukayang'ana pa kagalasi ka kamera, chifukwa mnyamata wa kamera anali atajambula zonse. Anabwerako akupukusa mutu.

"Zoona zake n'zimenezo, bambo, sindikukana. Koma pachithunzi mukuoneka ngati anthu awiri oledzera amene akangana. Tisiya mmene zinalili."

"Ndiye mwagona pamachira kudzangosamba?"

"Tiyeni tijambule mawu anu aja dzuwa lisanakwere kwambiri."

Anawakhazika pampando patsogolo pa thumba la mchenga. Mayi wa kaburashi uja anabwera ndi mamendulo anayi n'kuwabaya pa jekete lawo. A Sinthaphazi anafunsa kuti ndi a ndani, mayiyo anati ndi a m'bokosi la zovala. Kamera inawayang'ana. Kumbuyo kwa kamera kunaima Wometa, manja ake akadali ofiira ndi shuga, akugwedeza milomo kuwathandiza mawu. Chapatali, pansi pa ambulera, panali achemwali.

"Ine ndinaliko," anatero a Sinthaphazi. Anayang'ana m'kamera. "Zimene muonezi sizinachitike."

"Imani! Bambo, ndi 'zinachitikadi.' Tiyambirenso."

"Ndamva. Makutu anabwerera kalekale." Anayamba kuchotsa mamendulo aja, limodzilimodzi, mosamala kuti asang'ambe jekete, n'kuwapereka kwa mayi uja. "Kabwezeni m'bokosi, mayi. Eni ake angawafune."

Wometa anafika pamaso pa amalume ake akukuwa. "Nsanje! Ndi nsanje basi! Chifukwa inu munabwerako opanda ngakhale kachitsulo kamodzi! Moyo wanu wonse kunyoza, kunyoza, kunyoza. Chinthu chimodzi chokha ndakupemphani!"

A Sinthaphazi anawongola jekete lawo pamene panali mamendulo.

"Achimwene," anaitana achemwali. Sanakweze mawu, koma onse awiri anatembenuka. "Bwerani kuno. Nawenso bwera, usiye kukuwa pa anthu ngati wogulitsa matikiti."

Anapita. Achemwali analoza ndi chibwano chimunthu chija, chimene tsopano chinkamwa madzi a m'botolo, mbendera ili m'khosi.

"Uyo sindikumudziwa. Mwamuna wanga nkhuku ankandipatsa ine kuti ndiphe, iye n'kupita kuseri kwa nyumba. Akathamanga mawondo ankagundana. Zaka zonsezi ndimati mukafuna mudzanena nokha, koma ndaona kuti tifa tonse muli chete. Ndiuzeni wanga."

A Sinthaphazi anavula chipewa. Anayamba kulankhula akuyang'ana m'kati mwa chipewacho.

Anati pamlatho palibe amene anathamanga. Anthu anagona m'ngalande masiku awiri, mitu pansi, mabomba akugwa kuchokera kutsidya, mdani osamuona ndi maso. Madzi anatha tsiku loyamba. Mlamu wawo ndiye ankakwawa kupita kumbuyo kumene kunali thanki ya madzi, n'kubwera ndi zigubu ziwiri, akuzikoka pansi. Palibe anamutuma. Anapita kanayi. Ulendo wachisanu kachitsulo ka bomba kanamulowa pantchafu, pamwamba. Anamumanga bandeji yolimba, magazi anaima, ndipo ankalankhula bwinobwino. Hema wa adokotala anali mtunda wa maola awiri.

"Ndinagwira kumbuyo," anatero. "Kutsogolo kunali mnzanga wina, watsopano ngati ine. Pamachira ndinali nditatha milungu itatu, kapena ndinene masiku makumi awiri ndi awiri. Lamulo ndinkalidziwa, achemwali, sindinganame kuti sanandiphunzitse. Tinanyamuka bwino. Koma mabomba atayambanso, mantha anatenga mutu, mapazi anabwerera ku zimene anazolowera pabwalo. Tinayamba kuguba. Sindinadziwe. Alamu anati, 'Mlamu, mukundipukusa.' Ine ndinayesa ndi malungo a bala. Ndinati limbani mtima, n'kuwonjezera liwiro."

Anaguba choncho mpaka anakumana ndi msilikali wachikulire wa udindo wa kopolo amene ankabwerera ndi machira opanda munthu. Kopoloyo ndiye anakuwa ali patali: "Sintha phazi, chitsiru iwe!" A Sinthaphazi atayang'ana pansi anaona chinsalu cha machira chikudontha. Atacheuka anaona mzere wa madontho m'njira monse, mpaka pamene maso analekezera. Bandeji inali itasuntha. Anamanganso, anayenda monga mwa lamulo, koma pofika pa hema anatsitsa mtembo.

"Kalata ija analemba ndi bwana amene pamlatho sanafikepo," anatero. "Mawu ake anali amodzimodzi kwa onse."

Achemwali anatsitsa ambulera pang'ono.

"Ananenapo kanthu?" anafunsa achemwali.

"Anati zigubu zija tikazibweze, chifukwa wosunga katundu wa asilikali ndi wovuta."

Achemwali anatulutsa kaphokoso kamene sikanali kuseka kapena kulira. "Ameneyo ndiye wanga," anatero. "Mpaka kufa akuopa kukalipiridwa." Anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Mukanayenda bwino, akanachira?"

"Sindidziwa. Kuchipatala kuja ndinafunsa madokotala ambiri, osatchula kuti ndi ndani. Ena ankati inde. Ena ankati bala la pamenepo silikhululuka. Ndinasiya kufunsa."

Achemwali anaimirira. Kenako anawapatsa ambulera. "Gwirani apa, mkono watopa. Iwe, pinda kampandoka."

Koma Wometa anali atachoka kale. Ankaoneka chapatali, akudutsa pakati pa milu ya njerwa, osacheuka.

Lolemba a Sinthaphazi atafika m'shopu anapeza pampando wawo pali mulu wa mathaulo opindidwa bwino. Wometa anawapatsa moni wa kasitomala, wopanda "malume." Iwo anaima pang'ono, chipewa chili m'manja, n'kubwerera. Miyezi inayi sanapondemo. Ankakhala pakhonde la kuseri, kukonza zigwiriro za mapoto a achemwali awo, ngakhale zimene zinali zabwinobwino. Telala ankadandaula kwa aliyense kuti mafilimu a nkhondo asiya kukoma, chifukwa palibe wowatsutsa.

Sewero linaonetsedwa Lamlungu masana. Wometa anabwereka mabenchi, ndipo m'shopumo munadzaza mpaka anthu ena anaima pawindo. Achemwali anavala diresi lawo lakutchalitchi n'kugogoda pa kachipinda ka kuseri. A Sinthaphazi anati mutu ukuwawa. Achemwali anati ukapwetekera komweko. Atafika, achemwaliwo anapita molunjika pakona, ananyamula mathaulo aja n'kuwaika m'manja mwa mwana wawo. Wometa anawalandira. A Sinthaphazi anakhala.

Nyimbo inayamba, ya malipenga. Pakanema panaoneka nkhalamba ya ndevu zoyera itakhala patsogolo pa thumba la mchenga, mamendulo anayi ali pachifuwa. Inayang'ana anthu ndi maso achisoni.

"Ine ndinaliko," inatero. "Zimene muonezi zinachitikadi."

"Aaa!" anakuwa Telala. "Amenewo si alonda a pafakitale ya njerwa? Amenewo nkhondo anaionera kuti? Chibadwire sanapitirirepo siteshoni iyi!"

"Analiko," anatero wina pawindo. "Tsiku lojambula analiko."

Anthu anaseka chikhakhali, kenako n'kuyang'ana pakona, kudikira kuti a Sinthaphazi amalize. Iwo anangokhala, chipewa pamawondo. Chimunthu chinathamanga ndi mbendera, iwo chete. Adani anagwa, uja wofulumira anagwanso asanawomberedwe, iwo chete. Ulaliki wa pamlatho unatha, amayi awiri pabenchi lakutsogolo akufwenthera, iwo chete.

Machira anatulukira. Nyimbo inakwera, asilikali awiri anaguba mwapang'onopang'ono, dzuwa lili kumbuyo kwawo, lefiti, rayiti, machira akupita uku ndi uku. Kunena zoona, zinali zokongola. A Sinthaphazi anagwira chipewa kuti adzuke, koma dzanja la achemwali linawakanikiza paphewa. Amene anaimirira ndi achemwaliwo.

"Sinthani phazi, zitsiru inu!" anakalipira kanemayo, mawu awo akudzaza shopu yonse. "Ngakhale si wanga, ndi mwana wa munthu ameneyo!"

Palibe anaseka. Amayi a pabenchi lakutsogolo anatembenuka, akudabwa kuti mayi wamasiye wapenga kapena bwanji. Achemwali anakonza diresi lawo n'kukhala pansi.

Mayina atayamba kukwera pakanema, anthu anatuluka awiriawiri, akuyamikira nyimbo. Wometa anasanja mabenchi, anasesa pansi pamene panalibe tsitsi, anapukuta galasi, anapukutanso chithunzi cha mnyamata woonda wa makutu otuluka. Kenako anakoka mpando wometera n'kuutembenuzira kukona, n'kukhala.

"Malume," anatero, osawayang'ana kumaso. "Zigubu zija zinali zazikulu bwanji?"

A Sinthaphazi anaika chipewa pansi. Anatambasula manja, analingalira, anawabweza pang'ono kuti asawonjezere.

"Chonchi," anatero. "Zachitsulo. Chimodzi chinkadontha pachivindikiro, ndiye bambo ako ankatsekapo ndi sokosi."